Kangaude Sadziwa Moni

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili pa benchi m'shopu ya azakhali anga pa Namitete, ndikudikira anthu odzatchajitsa mafoni. Ndinali nditamaliza maphunziro a kompyuta ku tauni, pepala lili m'chikwama, koma ntchito kunalibe. Aliyense wondifunsa ndinkamuyankha kuti ndikungodikira andiitane, pomwe panalibe ndi mmodzi yemwe amene analonjeza kundiitana. Tsiku lina mnzanga wa kukoleji anaponya uthenga pa gulu lathu la pafoni: kabungwe kena ka mu Lilongwe kankafuna munthu wodziwa kompyuta, wokhala kumudzi, womva Chichewa cha alimi. Anzanga a m'tauni anaseka kuti imeneyo ndiye ya ine wa ku Namitete. Ndinaseka nawo, kenako ndinalembera.

Amene anandiyimbira foni anali a Mwale, omwe anadzakhala abwana anga. Za masatifiketi sanafunse. Anati, "Tiyerekeze kuti nkhuku zanu zikudwala ndipo muli ndi foni m'manja. Mungalembe chiyani pofufuza pa intaneti?" Ndinati ndingalembe kuti "nkhuku zikuodzera mankhwala ake." Anati chabwino, ndipite Lolemba ndikatenge laputopu.

Bungwelo linali ndi bwalo la alimi la pa intaneti. Alimi a ku Nsaru, Kabudula, Mpingu, Nambuma ndi kwathu kuno ankalembapo mafunso pa mafoni awo, anzawo n'kumayankha. Aliyense akayambitsa funso inkakhala nkhani payokha, ya mutu wake, mayankho n'kumasanjikana m'munsi. Vuto linali lakuti bwaloli ankalidziwa ndi okhawo amene alangizi anawalembetsa pachiyambi. Munthu wina akalemba vuto lake m'makina ofufuzira a pa intaneti, bwalo lathu silinkatuluka, ngakhale yankho lake linali momwemo. Othandiza bungwelo anali atanena kale kuti mvula ikadzatha adzaona. Ngati alendo sakubwera, bwalo litsekedwa. Ine ndinalembedwa kuti alendowo azilipeza. Ntchitoyi eni ake amaitcha SEO, ndipo bwalo likanatsekedwa, nanenso ndikanabwerera pa benchi paja.

Kwa amene simunaionepo ntchitoyi, imayenda chonchi. Makina ofufuzira ali ndi kapulogalamu kamene kamazungulira m'masamba a pa intaneti, kuwerenga ndi kusunga zimene kaona. Timakatcha kangaude, chifukwa kamachoka tsamba lina kupita lina potsata malinki ngati ulusi. Munthu akafufuza chinthu, makinawo amamuonetsa masamba amene kangaudeyo anawamvetsa. Kangaude amayamba wawerenga mutu wa nkhani, kenako mizere yoyambirira. Tsamba lochedwa kutseguka salikonda, masamba ofanana amamusokoneza, ndipo kumene kulibe linki safikako. Ndiye ntchito yanga inali yomulambulira njira mlendo ameneyu, yemwe sindinamuonepo ndipo sanandithokozepo.

Azakhali anandipatsa kachipinda kuseri kwa shopu, kamene kale ankasungiramo matumba a feteleza. Fungo lake silinathe mpaka ndinasamukamo. Munali tebulo, mpando wa pulasitiki, ndi batire la sola lothandiza magetsi akazima. Foni ndinkaiika pa windo chifukwa ndi pokhapo pamene netiweki inkagwira bwino, n'kuilumikiza ku laputopu. Kunja ndinkamva makondakitala a minibasi akuitanira anthu a ku Mchinji ndi a ku tauni, ine ndili chete ndi mitu ya nkhani za anankafumbwe.

Chimene sindinakonzekere chinali kusungulumwa. Panalibe woti ndikambe naye za ntchito. Azakhali ankauza makasitomala kuti, "Ali kuseriko, amasewera pa kompyuta koma amamulipira." Anzanga a kusukulu ena anali atakwatiwa, ena ali ku tauni. A Mwale ankatumiza uthenga wa mawu kumayambiriro kwa sabata, waufupi, wongonena zochita. Pa bwalopo dzina langa silinkaoneka. Ndinali "Woyang'anira" basi, wopanda nkhope, wopanda mudzi. Masiku ena dzuwa linkalowa ndisanatsegule pakamwa kupatula poyankha azakhali kuti ndadya. Zinkandipweteka, koma ndinkachita manyazi kudandaula, poti ntchito ndinaifuna ndekha.

M'mawa ndinkayamba ndi kusesa. Usiku kunkalowa otsatsa malonda achinyengo: akubetcha mpira, angongole zachangu, asing'anga obweza mwamuna wothawa. Ndinkachotsa zonsezo ndi kutseka maina awo, chifukwa kangaude akapeza malinki otere amayesa kuti bwalo lonse ndi la akuba. Ndikatha apo ndinkatsegula tsamba la ziwerengero, kuona mawu amene anthu alemba pofufuza ndi kamzere kosonyeza kuchuluka kwa alendo. Kenako ndinkachepetsa zithunzi, poti mlimi amajambula tsamba limodzi la fodya ndi chithunzi cholemera chimene chimamudyera bandulo mnzake wochitsegula. Nkhani zofanana ndinkaziphatikiza, zogwirizana n'kuzilumikiza ndi malinki, kuti wowerenga za chitopa apezenso za katemera. Kumapeto kwa sabata ndinkatumiza mapu a masamba atsopano kuti kangaude adziwe kolowera.

Koma chimene chinkatibisa kwenikweni chinali ulemu. Mitu ya nkhani pa bwalo lathu inali yotere: "Moni nonse." "Odi kuno." "Zikomo akuluakulu." "Ndithandizeni abale anga." Ukatsegula, munthu wayamba ndi kufunsa mmene anzake adzukira, wathokoza Mulungu chifukwa cha moyo, wapepesa kuti akutayitsa anthu nthawi, ndipo kumapeto kwenikweni ndi pamene wanena kuti mbuzi yake yatupa mimba. Mlimi wa kwathu sangayambe ndi vuto lake ngati munthu wothamangitsidwa ndi njuchi. Koma kangaude akawerenga "Moni nonse" ankasunga kuti tsambalo likukamba za moni, ndipo palibe amene amafufuza moni pa intaneti.

A Mwale ataona zimenezi anatumiza uthenga. "Mutu uzinena vuto. Moni wa poyambirira chotsani, mizere imeneyo ndi imene wofufuza amaona. Masamba opanda chofufuzidwa atsekeni, akutilemetsa." Sanalakwe, ndi mmene ntchitoyi imaphunzitsira. Nyengo yonse yozizira ndinakhalira zimenezo. "Odi kuno" anasanduka "Mbuzi yatupa mimba itadya nyemba, nditani." "Zikomo akuluakulu" anasanduka "Kaufiti m'munda wa chimanga, njira yothetsera." Moni ndinkamudula bwinobwino ngati wosadza fodya, funso n'kukwera pamwamba.

Panali nkhani imodzi imene ndinazengereza nayo. Mutu wake unali "Kwacha a m'bwalo," ndipo anaiyambitsa anali a Kamwendo, mphunzitsi wopuma wa ku Nsaru. Munalibe funso lililonse la ulimi. M'mawa uliwonse a Kamwendo ankapereka moni n'kunena mmene kunja kwachera, ena n'kumavomera kuchokera kwawo. A Chimphepo a ku Mpingu ankawaseka kuti mphunzitsi sadziwa kugwira khasu, iwo n'kubweza kuti mbuzi za a Chimphepo zimadya kwa eni. Zamaliro, zaukwati, za wodwala amene wagonekedwa kuchipatala cha mishoni, zonse zinkalengezedwa mmenemo. Anthu omwewa ndi amenenso ankayankha mafunso ambiri pa bwalo, makamaka a Kamwendo. Ine nkhaniyi ndinkaiwerenga ndisanasukusule n'komwe. Sindinalembemo kanthu, koma ndinkawadziwa onse, ndipo ndinkaseka ndekha m'kachipinda kaja.

Kwa kangaude, amenewo anali masamba ambirimbiri obwereza mawu amodzimodzi. Mphepo ya Ogasiti ili mkati ndinaitseka. Kufufutiratu ndinalephera, ndinangoibisa. Amene ankaifuna ankapeza mawu akuti yatsekedwa ndi Woyang'anira. M'mawa wotsatira ndinadzuka, kugwira foni, n'kukumbukira kuti palibe choti ndiwerenge.

Ntchito inabala. Kamzere ka alendo kanayamba kukwera pang'onopang'ono, a Mwale n'kuyamba kutumiza mauthenga a mawu osekerera. Ndinaona kuti a Kamwendo ndi anzawo akulemba mwa apo ndi apo, kenako zii. Ndinadziuza kuti atanganidwa ndi nazale za fodya ndi kugalauza. Tsamba la ziwerengero limaonetsa amene abwera, za amene akhala chete silinena.

Tsiku lovuta linafika mu Januwale, chimanga chili m'mawondo. Mbozi za ntchemberezandonda zinabuka m'minda yambiri nthawi imodzi. Nditatsegula laputopu m'mawa umenewo, kamzere kaja kanali kataima chilili. Anthu ankafufuza kuti "mbozi za m'chimanga," "mbozi zikudya pamtima pa chimanga," ndipo bwalo lathu linkatuluka pamwamba penipeni. Ndinaimirira n'kuvina pang'ono, ndekhandekha, pakati pa tebulo ndi batire. Koma walira mvula walira matope. Alendowo sanangowerenga, analembetsa n'kuyamba kufunsa. Wina anapopera mankhwala koma mbozi sizikufa. Wina anatumiza chithunzi kufunsa ngati ndi mbozi za kapuchi kapena ntchemberezandonda. Mafunso anasanjikana, ndipo pansi pa lililonse panalibe yankho.

A Mwale anayimba foni, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. "Anthu akubwera koma akutuluka msanga. Makina akaona kuti anthu sakukhutira atitsitsa, ndipo ziwerengero za sabata ino ndi zimene othandiza aja adzayang'ane. Oyankha aja ali kuti?" Ine kuyankha mafunso a alimiwo sindikanatha. Lamulo linali lakuti Woyang'anira sapereka malangizo a ulimi, ndipo linali lamulo labwino, chifukwa ine ndimadziwa kupalira basi. Malangizo olakwika akanatha kuwotcha munda wa munthu.

Pakati pa mafunsowo panali la mayi wina wa ku Kabudula. Anayamba ndi moni wautali monga mwa mwambo, n'kunena kuti ndi wamasiye, munda wake ndi umodzi, mbozi zalowa mbali ya kumunsi ndipo mankhwala a kusitolo sangawakwanitse. Ankafunsa ngati pali njira ina. Dzuwa litakwera analembanso pansi pa funso lake lomwelo, mzere umodzi wokha: "Kodi muno muli anthu?" Ndinauyang'ana nthawi yaitali. Ndinali ndagwira ntchito miyezi yonseyi kuti mayi ameneyu atipeze, ndipo anatipezadi.

Nambala ya a Kamwendo inalipo pa zimene analembetsa. Ndinayimba, n'kuyamba kufotokoza za mbozi mothamanga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Kodi ndikuyankhula ndi ndani?"

"Ndine woyang'anira bwalo lija, bambo."

"Amenewo ndimangowamva, sindikuwadziwa," anatero mofatsa. "Nkhani ngati imeneyi sitikambira pafoni ndi munthu amene sitinamuonepo. Ngati muli ndi miyendo, ndili pakhomo. Mukafika pa tchalitchi mufunse kwa aphunzitsi."

Ndinatseka laputopu, kuvala chitenje, n'kukwera njinga yamoto ya kabaza. Mvula inali itagwa usiku, msewu uli thapsa. Malo ena tinkatsika n'kumakankha. M'mbali monse chimanga chinali chobooka masamba, ndipo anthu anali m'minda ataweramira mapesi. Pofika ku Nsaru dzuwa linali litapendeka, nsapato zanga zitalemera ndi matope, mtima uli pa mafunso aja.

A Kamwendo ndinawapeza kuseri kwa nyumba, ali ndi chitini m'manja, akuthira kanthu pamtima pa phesi lililonse. Anali aatali, oonda, magalasi atamangirira ndi kachingwe. Ndinaodira. Anaika chitini pansi, kusamba m'manja, kunditulutsira mpando pakhonde, iwo n'kukhala pa wina. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe za mbozi, koma anakweza dzanja.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndaswera bwino, kaya inu bambo?"

"Taswera. Kunyumba mwasiyako bwanji?"

Anafunsa za makolo anga, za mudzi wathu, za mvula ya ku Namitete, za kumene ndimapemphera. Ine mkati ndikuwira. Kenako anafunsa mfunda wanga, ndinati ndine Nabanda.

"Ndiye bwino," anatero. "Ife ndife a Phiri. Ndinu asuweni athu, titha kunenana popanda mlandu. Tsono aNabanda, ndinu amene mumadula moni wathu, eti?"

Ndinavomera, n'kufotokoza za kangaude, za mitu, za othandiza amene akufuna kutseka bwalo. Anamvetsa msanga kuposa mmene ndinkaganizira.

"Za mutuzo palibe mlandu," anatero. "Ine ndaphunzitsa ana mpaka tsitsi kuyera. Mutu wa phunziro umalemba pa bolodi kuti wodutsa pa windo adziwe zimene mukukamba. Koma ukalowa m'kalasi umayamba wapereka moni. Kangaude wanuyo ngati sadziwa moni mulekeni, ndi mmene anamulerera. Nanga ife mutisandutse akangaude?"

Ndinaseka, koma iwo sanaseke. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Mayi a kuno anatisiya chaka chapitacho. Ana ali ku tauni, foniyi anandigulira ndi iwo. Ndikadzuka m'nyumba muno mulibe woti ndimufunse kuti wadzuka bwanji. Ndiye ndinkafunsa a m'bwalo. Tsiku lina ndadzuka, ndapeza chitseko chotseka, wotsekayo dzina alibe." Anavalanso magalasi. "A Chimphepo mukuwadziwa?"

Ndinati ndimawadziwa, a mbuzi zodya kwa eni aja.

"Anamwalira mu Okutobala. Mwana wawo anafuna polengeza, sanapapeze. Ine ndinamva kumsika, ataikidwa kale. Munthu amene ndinkanenana naye m'mawa uliwonse, sindinakaponye ndi dothi lomwe."

Sindinadziwe kuti a Chimphepo anamwalira. Ndinkangoti atanganidwa ndi fodya. Misozi inabwera yokha, ndipo ndinalira pakhonde la munthu amene ndinali nditangomuona kumene. Ndinawauza kuti nkhani ija ndinkaiwerenga tsiku lililonse ndisanasukusule, kuti m'kachipinda kanga anthu amene ndinkacheza nawo anali iwowo, ndipo kuti chiitsekereni nanenso m'mawa unkandivuta.

Anandiyang'ana modabwa. "Ndiye munali pakati pathu nthawi yonseyi, kumva zathu zonse, osaodira? Inu aNabanda, mwakulira kuti? Munthu amakhala pa bwalo la eni ake atabisala kuseri kwa mtengo?"

M'maphunziro onse amene ndinachita, palibe anandiuza kuti woyang'anira amafunika kuodira.

Ndinapita pa chulu cha kuseri kwa khola pamene anati netiweki imagwira, n'kuyimbira a Mwale. Ndinawauza kuti oyankha sabwerera pokhapokha nkhani ya m'mawa itatsegulidwa, ndipo kuti ndiikapo chizindikiro chouza kangaude kuti masamba amenewo asawasunge, anthu okha ndi amene aziwaona. Ndinatinso moni ndisiya kudula. Mutu uzinena vuto, ndipo timawu toonekera kwa wofufuza ndizilemba ndekha pamalo pake, zolemba za mlimi zikhale mmene wazilembera. Imeneyo inali ntchito yowirikiza kwa ine. A Mwale anaganiza pang'ono n'kunena kuti, "Bola kangaude asasokonezeke. Chitani, nthawi yatha."

Ndinaitsegula pa foni pomwepo. Uthenga womaliza mmenemo unali wa a Chimphepo, wa mu Ogasiti, akunena kuti mphepo yawaphwasulira denga la khola ndipo aphunzitsi abwere adzaphunzire kufolera. A Kamwendo anauwerenga akusuntha milomo. Kenako anati, "Yambani ndinu."

Ndinalemba kuti, "Odi a m'bwalo. Ndine Nabanda wa ku Namitete, amene mwakhala mukumuona ngati Woyang'anira. Mwaswera bwanji nonse?" Ndinapepesa za chitseko, ndinapepesa maliro a a Chimphepo, n'kunena kuti kwabwera alendo ambiri amene mbozi zawavuta.

A Kamwendo anayimbira anzawo angapo, aliyense kuyamba ndi moni wake wonse, ine ndikuyang'ana dzuwa. Atatha anati ndiwasonyeze funso la mayi wa ku Kabudula. Analemba ndi chala chimodzi, foni ataitalikitsa kumaso. "Tilimo, mayi. Mwaswera bwanji? Pepani tinachedwa kukuvomerani." Kenako anafotokoza zimene iwo ankachita ndi chitini chija: kulawirira m'mamawa, kuyang'ana kunsi kwa masamba ndi kuphwanya mazira, kutola mbozi zooneka, kuthira mchenga wosakaniza ndi phulusa pamtima pa phesi, ndi kuwaza msuzi wa bonya wothira shuga pang'ono kuti nyerere zibwere. Anamaliza ndi kuwauza kuti akaonanenso ndi alangizi a kwawoko. Zinawatengera nthawi yaitali, ndipo sindinawafulumizitse.

Ndinafika pa Namitete kuli chisisira, azakhali akutseka shopu. Mayankho anali atayamba kulowa, ochokera ku Nambuma, ku Mpingu, kwina ndi kwina, lililonse loyamba ndi moni. M'mawa mwake ndinagwira foni ndisanadzuke pa mphasa. A Kamwendo anali atalemba kale kuti ku Nsaru kwacha ndi mitambo. Pansi pake anawonjeza kuti, "Mwadzuka bwanji aNabanda? Matope aja achoka ku nsapato?" Ena amene sindinawaonepo anavomereza, kundilonjera ndi dzina. Chiyambireni ntchitoyo, aka kanali koyamba kuti munthu andifunse mmene ndadzukira chifukwa cha ntchito yanga. Ndinayankha mmodzimmodzi, otsatsa asing'anga aja anadikira kaye.

Mvula itatha bwalo silinatsekedwe. Ndinagwirapo mpaka ndinapeza ntchito ina, ndipo lero ndimakonzera masamba anthu a mabizinesi ku tauni. Zida zasintha, kangaude naye anachenjerako, koma pali funso limene ndimafunsa aliyense ndisanagwire mutu ndi umodzi womwe: anthu akakupezani, adzawavomere ndani? Ena amadabwa, amati iwo akufuna kutuluka pamwamba basi. Ndimawauza kuti kutuluka pamwamba ndingawathandize, koma ndinaonapo munthu atafika pakhomo n'kupeza zii.

Mayi wa ku Kabudula uja sanalembenso. Nambala imene analembetsa ndinaiyimba kangapo, sinkapezeka. Mwina inali foni yobwereka. Sindikudziwa ngati anabwerera kudzaona yankho, kapena ngati chimanga chake chinapulumuka. Yankho la a Kamwendo lathandiza ena ambiri amene analipeza pofufuza m'zaka zotsatira, ndipo ena anathokoza m'munsi mwake. Koma chaka chilichonse chimanga chikafika m'mawondo ndimatsegula tsamba limenelo. Funso la mayi uja lidakali pomwepo, "Tilimo, mayi" ali pansi pake, ndipo ndimatsika mpaka kumapeto kuona ngati anabwera.